Mnzanu akamakuipitsirani mbiri kuntchito: zoyenera kuchita pang'onopang'ono

Ambiri zimawaonongekera tsiku loyamba lomwelo. Munthu wamva kuti mnzake wa mu ofesi akuuza abwana kuti iye ndiye amagulitsa mafuta a galimoto, kapena kuti anakwezedwa pampando chifukwa cha chibwenzi, ndiye mtima ukamuwawa amachita chimodzi mwa ziwiri: kukalalata pagulu, kapena kungokhala chete n'kumati Mulungu aweruza. Wolalata uja mawa lake ndiye amalandira kalata ya chenjezo. Wachete uja amadzadzidzimuka patapita miyezi, dzina lake litasowa pa mndandanda wa opita kumaphunziro, kontrakiti osaionjezera, mwina atamusamutsira kutali popanda chifukwa chomveka.

Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu nkhani zotere zimapweteka kawiri chifukwa maboma athu ndi aang'ono. Amene mumagwira naye ntchito ndi yemweyo mumapemphera naye, mumagona naye pa maliro, mumakumana naye pogula kachewere pa Lizulu. Bodza lonenedwa Lolemba ku ofesi limakhala litafika kwa apongozi Lachitatu. Ndondomeko ili m'munsiyi ndi yoti muteteze ntchito ndi dzina lanu mwachangu, papepala, komanso mopanda phokoso.

ZOFUNIKA KUKHALA NAZO

- Kope lachikuto cholimba logula nokha, osati la ku ofesi, ndi cholembera cha inki. Pensulo ayi.
- Foni yanu ndi imelo yanuyanu. Imelo ya kuntchito akhoza kuitseka tsiku lililonse.
- Kalata imene anakulemberani ntchito, kontrakiti, ndi buku la malamulo a pamalo panu. Ogwira ntchito m'boma aone Malawi Public Service Regulations. Pezani tsamba lonena za kaperekedwe ka madandaulo ndipo muliwerenge musanachite china chilichonse.
- Mapepala osonyeza kagwiridwe kanu ka ntchito: malipoti, marisiti, mafomu a appraisal (ounika kagwiridwe ka ntchito), makalata oyamikira ngati alipo.
- Envelopu yaikulu ya khaki yosunga kunyumba.
- Munthu mmodzi wosunga chinsinsi woti muzimufunsa nzeru. Mmodzi basi.
- Nambala ya woimira bungwe lanu la apantchito: aphunzitsi ali ndi TUM, anamwino ndi azamba ali ndi NONM, ogwira ntchito m'boma ali ndi CSTU.

GAWO 1: MASIKU AWIRI OYAMBA MUSAYANKHE

Musaimbe foni, musalembe pa gulu la WhatsApp, musaike status yomenya m'mbali. Pitani kuntchito pa nthawi yake, perekani moni kwa aliyense, ngakhale kwa iyeyo.

Chenjezo: wokusemerani chinyau nthawi zambiri amadikira kuti mupse mtima. Akakhala kuti wakhala akunena kuti ndinu wovuta, kukalipa kwanu ndiko umboni umene amausowa.

GAWO 2: DZIWANI MAWU ENIENI AMENE ANANENEDWA

"Akumakunenani" si nkhani yoti mungapite nayo kwa abwana. Amene wakutsinani khutu mumufunse modekha: Munamva nokha kapena munachita kuuzidwa? Linali tsiku liti, pamalo pati? Panali ndani wina? Mawu ake anati chiyani kwenikweni? Zitavuta, mungabwereze zimenezi pamaso pa akuluakulu?

Funso lomalizali ndilo limasefa. Ambiri amayankha kuti "ayi, musanditchule." Musawakwiyire, nawonso ali ndi ana oti adyetse. Ingodziwani kuti ameneyo wakuthandizani kudziwa, koma si mboni.

Chenjezo: wakutsina khutu ndi mnansi, inde, koma alipo ena onyamula nkhani mbali zonse ziwiri. Chimene mungayankhe pamenepo chikhoza kukafika kwa mnzanu uja chitathiridwa mchere. Nenani kuti "zikomo pondidziwitsa," n'kulekera pomwepo.

GAWO 3: YESANI KULEMERA KWA NKHANIYO

Si miseche yonse yofuna kalata. Zonena za kavalidwe kanu, kuti ndinu wonyada, kuti simupereka moni, zimawawa koma sizichotsa munthu ntchito. Zisiyeni, zimafa zokha.

Zimene zikukhudza ntchito yanu, monga kuti mumajomba, mumabwera mutaledzera, malipoti anu ndi opeka, zimafuna kuti muchitepo kanthu sabata yomweyo, chifukwa ndi zimene abwana amakumbukira nthawi ya appraisal ndi yoonjezera makontrakiti.

Ndiye pali zolemera kwambiri: kuba mankhwala kapena feteleza, ziphuphu, kudula ma allowance a anthu obwera kumaphunziro, chibwenzi ndi mwana wasukulu, kukutchulani ufiti kapena kukhwima, kufalitsa kuti muli ndi kachilombo. Izi zikhoza kukufikitsani kupolisi kapena kukuikani pa chiopsezo pakati pa anthu a m'mudzi, makamaka ngati mumagwira ntchito kumidzi ngati ku Kasinje, ku Mayani kapena ku Golomoti, kumene mphunzitsi ndi mlangizi amakhala pakati pa anthu omwewo amene amva nkhaniyo. Zoterezi musachedwe nazo, ndipo Gawo 6 mukhoza kulidumpha.

Musanapitirire dzifunseni moona mtima ngati m'nkhaniyo muli kachoonadi. Ngati munachedwadi masiku angapo mwezi watha, kapena risiti imodzi inasowadi, konzani zimenezo kaye ndipo abwana amve kuchokera kwa inu. Bodza lalikulu limakonda kukwera pa cholakwa chaching'ono choona, ndipo munthu amene wakana zonse n'kudzagwidwa pa chaching'onocho, pa chachikulu samukhulupiriranso.

GAWO 4: YAMBANI KULEMBA M'KOPE

Chilichonse chilembedwe tsiku lomwelo: deti, nthawi, malo, mawu ake, amene analipo, ndiponso ngati munamva nokha kapena munauzidwa. Mwachitsanzo (SIG ndi ndalama zimene boma limapereka zotukulira sukulu):

"Lachiwiri pa 14, cha m'ma 10 koloko m'mawa, mu staffroom. A Uje anati, 'Ndalama za SIG zija zinathera ku malata a nyumba ya aphunzitsi a Sitandade 7.' Analipo aphunzitsi atatu, mayina awo ndi awa. Ndinamva ndekha."

Musalembemo maganizo anu monga "ndi wakaduka" kapena "akufuna mpando wanga." Kope limeneli tsiku lina lidzawerengedwa ndi anthu ena. Musang'ambe tsamba, musafufute. Mukalakwitsa dulani ndi mzere umodzi.

Ngati nkhani ili pa WhatsApp kapena pa Facebook, jambulani screenshot nthawi yomweyo, yoonetsa nambala kapena dzina la wolemba, deti, ndi mauthenga oyandikana nawo. Pa WhatsApp munthu amatha kufufuta uthenga wake kwa onse kwa masiku pafupifupi awiri, choncho mukati mudzajambula mawa mupeza palibe. Zitumizeni ku imelo yanu, ndipo zofunika kwambiri muzisindikize papepala. Foni imabedwa, imagwera m'madzi.

Chenjezo: pofuna umboni musatulutse mafayilo a odwala, mapepala a malipiro a anzanu, kapena kutsegula foni ndi kompyuta ya mnzanuyo. Mudzakhala mwawapatsa chifukwa chenicheni chokuchotserani ntchito. Kujambula mawu a anthu mobisa nakonso kumabweretsa mlandu wina pamwamba pa woyambawo. Mboni yamoyo ndi yabwino kuposa zimenezo.

GAWO 5: TSEKANI MIPATA PA NTCHITO YANU

Apa ndi pamene pagona chitetezo chenicheni, ndipo ndi pamene ambiri amachita ulesi. Kuyambira lero ntchito yanu izisiya mapazi.

Dalaivala: log book ilembedwe ulendo uliwonse, makilomita ponyamuka ndi pofika, asayine amene munamutenga, risiti ya mafuta imatidwe. Wa ku stores kapena ku pharmacy: stock card igwirizane ndi zimene zili pa shelefu, ndipo powerenga katundu pakhale munthu wachiwiri wosayina. Mphunzitsi: schemes ndi lesson plan zidindidwe ndi ahedi, time book musayine nokha, ndalama za sukulu zisadutse m'manja mwanu popanda maminitsi a komiti. Wogwira ntchito za m'midzi: mndandanda wa olandira ndalama ukhale ndi siginecha kapena chidindo cha chala cha aliyense, ndipo mfumu kapena wapampando wa VDC (komiti ya chitukuko cha m'mudzi) aone ndi maso.

Mukapatsidwa lamulo pakamwa, litsimikizeni ndi kauthenga: "Bwana, monga munanenera m'mawa, matumba 20 aja ndawapereka ku gulu la ku Bembeke." Kauthenga kotere kamatenga mphindi imodzi, koma pa tsiku la mlandu kamakuyankhirani.

Ngati mnzanuyo amatenga ntchito yanu n'kumati ndi yake, muzitumiza lipoti kwa abwana mwachindunji, iye n'kungomupatsako kope.

GAWO 6: KUMANANI NAYE MASO NDI MASO

Sankhani malo a phee, nthawi ya ntchito, osati kunyumba kwake, osati ku bawa. Tengani munthu mmodzi amene nonse mumamulemekeza. Nkhaniyi isapitirire mphindi 10, ndipo ikhale ya chinthu chimodzi chimene muli nacho umboni.

"Achimwene, zikomo kuti mwapeza nthawi. Lachiwiri mu staffroom munanena kuti ndalama za SIG ndinagulira malata. Zimenezo si zoona, marisiti ndi awa. Ngati pali chimene mukukayika, tiyeni tikachione limodzi kwa ahedi. Pempho langa ndi lakuti nkhaniyi ithere pano, ndipo amene anamva muwauze kuti sizinali choncho."

Mukatero khalani chete, ayankhe. Akapepesa, landirani, koma kuwongola kuja kuchitike pamalo pomwe bodzalo linanenedwa: ngati linali pa gulu la WhatsApp, alembe pa gulu lomwelo. Akakana kuti sananene, musalimbane naye. Nenani kuti, "Chabwino, ndamva. Ndiye kuti tagwirizana kuti nkhaniyi ndi yabodza." Akayamba kukalipa, nyamukani. Madzulo ake lembani m'kope zonse zimene zakambidwa.

Ngati ndi munthu wamkulu msinkhu, mayi kapena bambo oti akhoza kukuberekani, musawayambe nokha. Kwathu kuno mwana akaimitsa wamkulu, anthu amaiwala chimene chinalakwika n'kugwira za mwano. Dzerani kwa wamkulu mnzawo, iye ndiye atsegule nkhani.

Chenjezo: musaulule amene anakuuzani. Ndipo gawo lino lidumpheni ngati woipitsa mbiriyo ndi bwana wanu, ngati anakuopsezanipo, kapena ngati mabodza anayamba mutamukana chibwenzi.

GAWO 7: LEMBANI KALATA YODANDAULA

Zikapitirira, kapena ngati nkhani ndi yolemera, lembani. Kudandaula pakamwa mu kolido abwana amayankha kuti "tiona," ndipo pakatha mwezi sakumbukira.

Kalata ipite kwa amene akukuyang'anirani. Ngati vuto ndi iyeyo, ipite kwa womuposa kapena kwa a HR (ofesi yoona za ogwira ntchito). Mphunzitsi wa pulayimale amayambira kwa ahedi, kenako kwa a PEA (mlangizi wa maphunziro a pulayimale wa m'deralo), kenako ku ofesi ya maphunziro ya pa boma. Kudumpha makwerero popanda chifukwa kumakwiyitsa amene akanakuthandizani.

Ikhale ya tsamba limodzi. Thunthu lake likhoza kukhala lotere:

"Ndikudandaula za mawu amene a Uje ananena pa 14 mu staffroom, ndiponso pa 21 pa gulu la WhatsApp la ogwira ntchito, akuti ndinagwiritsa ntchito ndalama za SIG pa zanga. Mawuwa si oona. Ndaphatikiza marisiti, maminitsi a komiti ndi screenshot. Pa 23 ndinakambirana nawo pamaso pa a Ujeni, koma nkhaniyi ikupitirirabe. Ndikupempha kuti mabuku afufuzidwe, tiitanidwe tonse awiri, ndipo zotsatira zake zilengezedwe kwa onse amene anamva nkhaniyi. Ndidzathokoza kulandira yankho lolemba pasanathe masiku 14."

Onani kuti wolembayo akupempha yekha kuti amufufuze. Palibe chimene chimakhazika mtima wa bwana pansi kuposa chimenecho. Onaninso kuti sakupempha kuti mnzakeyo achotsedwe ntchito. Chilango ndi nkhani ya akuluakulu, ndipo mukachitchula kalata yanu imaoneka ya chidani.

Sindikizani makope awiri. Wolandira adinde kapena asayine pa kope lanu ndi kulembapo deti. Mapepala oyambirira asachoke m'manja mwanu, perekani mafotokope. Masiku 14 akatha kuli zii, lembani kalata yachiwiri yaifupi yokumbutsa, ndipo woimira bungwe la apantchito alandireko kope.

GAWO 8: NGATI INUYO NDINU MWAITANIDWA KUKAYANKHA

Nthawi zina bodza limakuyambirirani kufika, ndipo mumangolandira kalata yoti mukaonekere ku komiti yosungitsa mwambo. Musanjenjemere. Gawo 57 la Employment Act ya 2000 limati munthu sangachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso asanapatsidwe mwayi wodziteteza pa zimene akumunenera. Gawo 61 limaika udindo wopereka chifukwacho pa wolemba ntchito. Lamuloli limakhudza makampani, mabungwe ndi boma lomwe, kupatula asilikali, apolisi ndi a ndende. Gawo 43 la Constitution nalonso limapatsa munthu ufulu wouzidwa zifukwa molemba pamene ofesi yachita chinthu chokhudza ufulu wake.

Choncho pemphani kuti milandu yanu ilembedwe, mupatsidwe masiku okonzekera, muone umboni umene ali nawo, ndipo wokunenezaniyo abwere kuti mumufunse mafunso. Pitani ndi mnzanu kapena woimira bungwe la apantchito. Yankhani mlandu umodzi umodzi ndi pepala lake. Nkhani ya kaduka ka mnzanu muitchule pomaliza, mwachidule, mutatsegula kope lanu.

Chenjezo: musasayine pepala limene simunawerenge. Akati musayine posonyeza kuti mwalandira, lembani pamwamba pa siginecha kuti "Ndalandira, koma sindikuvomereza zimene zalembedwa." Mukapatsidwa kalata ya chenjezo pa nkhani yabodza, iyankheni molemba ndi kupempha kuti yankho lanu lilowe m'fayilo yanu. Chenjezo losayankhidwa limadzawerengedwa ngati munavomera.

GAWO 9: ZIKAKANIKA MKATI, PITANI KUNJA

Mukachotsedwa ntchito chifukwa cha mabodzawo, muli ndi miyezi 3 kuchokera tsiku limene anakuchotsani yoti mukadandaule ku ofesi ya Labour ya m'boma lanu, pa Dedza kapena pa Ntcheu. Ikalephera kuyanjanitsa, nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khothi loona milandu ya apantchito, imene ili ndi ofesi ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ambiri amataya miyezi imeneyi akudikira abwana amene analonjeza kuti "tikuitanani." Wogwira ntchito m'boma amene ofesi yake yangokhalira dandaulo lake akhozanso kulembera a Ombudsman.

Mabodza ena ali ndi malamulo awoawo. Kutchula munthu ufiti ndi mlandu pansi pa Witchcraft Act ya 1911. Kuulula kuti wina ali ndi HIV popanda chilolezo, kapena kumusala chifukwa cha zimenezo, n'koletsedwa ndi lamulo la HIV ndi Edzi la 2018. Mawu olaula kapena okhudza zogonana onyazitsa munthu akhoza kugwera pansi pa Gender Equality Act ya 2013, imene chilango chake chimafika K1,000,000 ndi zaka 5 kundende. Kuzunza munthu ndi mauthenga pa foni kapena pa intaneti kuli mu Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016.

Kuipitsa mbiri pakokha musayembekezere kuti apolisi akamugwira munthu. Mu 2025 khothi linagamula kuti gawo 200 la Penal Code, limene linkachititsa kuipitsa mbiri kukhala mlandu wa kupolisi, likutsutsana ndi Constitution. Njira yotsala ndi kumusumira nokha kuti apepese kapena alipire, ndipo muyenera kuonetsa kuti mawuwo ananenedwa kwa anthu ena, ankanena za inu, ndipo anakutsitsani pamaso pa anthu. Ngati zimene ananenazo ndi zoona, mlandu mwaluza. Milandu yotere imadya nthawi ndi ndalama, choncho yambani mwafunsa loya kapena a Legal Aid Bureau. Kawirikawiri kalata imodzi ya loya yofuna chipepeso imakwanira.

ZOLAKWIKA ZIMENE AMBIRI AMACHITA

Kubwezera miseche. Mukayamba kufukula zake, kwa abwana nonse mumasanduka anthu awiri okangana, ndipo njira yosavuta kwa iwo ndi kusamutsa mmodzi. Wosamutsidwa sakhala wolakwa nthawi zonse. Kumbukiraninso kuti lamulo la mauthenga a pa foni lija limagwira inunso.

Kuyenda desiki ndi desiki kufotokoza mbali yanu. Theka la anthuwo anali asanamve n'komwe; mwawauza ndinu. Amene akufunika kumva ndi abwana anu, mwina ndi anthu awiri kapena atatu amene mawu awo amamveka. Wina akakufunsani, yankho likhale lalifupi: "Si zoona, ndipo nkhaniyi ili kwa akuluakulu."

Kulowetsamo banja. Mayi akunyumba akapita kukalalatira mnzanu pa msika, kapena abambo akamudikirira pa geti, nkhani ya kuntchito yasanduka ya mabanja awiri, ndipo imeneyo ilibe komiti yoti iithetse. Auzeni a kunyumba msanga kuti asamve kwa ena, makamaka ngati bodza lake ndi la chibwenzi, koma muwapemphe kuti asachitepo kanthu. Chimodzimodzi kukatula nkhaniyi pa mapemphero a pagulu motchula munthu.

Kuopseza. Mawu ngati "muona" kapena "simundidziwa kwathu" kuno amamveka mwamtundu wina. Mwana wake akangodwala sabata imeneyo, dzina lanu laonongeka kuposa mmene iye akanaliwonongera.

Kufooka pa ntchito. Mtima ukamawawa munthu amayamba kuchedwa, kudzipatula, kusiya kupita ku maliro ndi ku zochitika za anzake. Pamenepo bodza lija limayamba kuoneka ngati loona. Tulo tikamasowa kapena BP ikamakwera, pitani kuchipatala, ndipo ngati akupatsani masiku opuma, chikalata chake chifike ku ofesi.

Kusiya ntchito mwaukali. Gawo 60 la Employment Act limalola munthu kusiya ntchito ngati khalidwe la womulemba lafika posapiririka, ndipo zimatengedwa ngati wachotsedwa. Koma pamenepo woyenera kupereka umboni ndi inu, ndipo popanda makalata odinda aja a mu Gawo 7 mulibe poyambira. Komanso amene wasiya nkhani ya ndalama ili mkati, anthu amati wathawa.

Kuchoka chimanjamanja. Ngati mwaganiza zochoka nkhani itatha, pemphani kalata yosonyeza zotsatira za kafukufuku, ndiponso chikalata chimene gawo 31 la lamulo lomwelo limati wolemba ntchito apereke mukachipempha. Chimaonetsa nthawi imene mwagwira, udindo wanu ndi malipiro, ndipo saloledwa kulembamo maganizo awo pa kagwiridwe kanu ka ntchito pokhapokha mutapempha nokha. Pa mafomu ofunsira ntchito kwina, ikani dzina la munthu amene anaona mapepala anu ndi maso ake, ndipo mumuimbire kaye foni musanamulembe.